VPN ikakana, yambani mwafunsa

Kunali kumapeto kwa mwezi, tsiku lokonza malipiro. Mayi wa ku akaunti pa ofesi yathu ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa mwana wawo ankadwala malungo. Usiku wathawo, pofuna kuzimitsa laputopu, anaona uthenga woti adikire kaye, ikulowetsa update. Anaisiya patebulo n'kukagona.

M'mawa anatsegula VPN ya ofesi, njira yotetezeka ija imene imalumikiza kompyuta ya kunyumba ndi seva ya kuntchito. Analemba pasiwedi, kamkombero kanazungulira pang'ono, kenako kawindo konse kanangoti zii, osaonekanso. Anayesanso, chimodzimodzi. Poganiza kuti asokoneza pasiwedi, anayamba kuyesa akale onse amene ankawakumbukira, mpaka akaunti yawo inatsekedwa.

Apa n'kuti mwana wa mlongo wawo ali pakhomo, mnyamata wodziwa kuseweretsa foni.

"Azakhali, zimitsani antivirus, ndi imene ikutchinga," anatero. "Ikakanabe tipanga dawunilodi VPN ina, zaulere zilipo zambirimbiri."

Anachitadi zomwezo. Mnyamatayo sankadziwa kuti VPN yaulere singakufikitseni pa seva ya ofesi yanu. Imangodutsitsa zonse zimene mukuchita pa seva ya anthu ena osawadziwa. Choipitsitsa, imene anatsitsayo inabwera ndi zinyalala zake.

Foni yanga inalira masana. "Achimwene, bwerani, kompyuta yalusa."

Ndinapeza zotsatsa malonda zikutumphuka zokha pasikirini, pa laputopu yomweyo imene munali mayina a antchito, malipiro awo ndi manambala awo a ku banki. Sitikanachitira mwina. Tinaifufuta yonse, n'kusintha mapasiwedi onse. Vuto lenileni linali laling'ono: pulogalamu ya VPN inali yakale, sinkagwirizananso ndi update yatsopano. Kuika ina yatsopano inali ntchito yosatha ola limodzi.

Zoterezi si zachilendo. Microsoft imatulutsa ma update a chitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Pa 11 Januwale 2022, update ya KB5009543 pa Windows 10 ndi KB5009566 pa Windows 11 inachititsa kuti VPN za mtundu wa L2TP zizikana, ambiri n'kumaona nambala 789. Pa 17 Januwale kampaniyo inatulutsa yokonza. Mu Epulo 2024 VPN zinavutanso pambuyo pa update, ndipo yokonza inabwera pa 14 Meyi. Nthawi zonse ziwirizi pasiwedi ya munthu inalibe mlandu.

Tsono VPN ikakana, dzifunseni kuti chasintha n'chiyani kuchokera dzulo. Tsegulani Settings, pitani pa Windows Update, muone Update history. Mukapeza kuti china chake chinalowa usiku, lembani nambala yake yoyamba ndi KB. Jambulani ndi foni uthenga uliwonse umene ukuoneka kawindo kasanazimiririke. Pasiwedi iyeseni kawiri basi. Ngati ndi yomweyo imene mumatsegulira imelo ya kuntchito, ndipo imeloyo ikutseguka bwinobwino, dziwani kuti vuto lili kwina. Zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso kamodzi, chifukwa update zina zimamalizika ikayakanso. Ikakanabe, tumizani chithunzi ndi nambala ija kwa a IT, manja akhale m'thumba.

Mwina iwo angaganize zochotsa update kwa masiku ochepa podikira yokonza. Zimenezo zisiyireni iwowo, pakuti update yomweyo ndi imene imatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Musaletse ma update mpaka kalekale chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi, ndipo antivirus musaizimitse pongomvera wina amene sadzayankha mlandu zikavuta.

Malipiro anachedwa masiku awiri. Mlonda wathu anabwera kudzandifunsa chapansipansi ngati ndalama zilowe mawa, chifukwa eni nyumba anali atamugogodera kale kawiri. Iye sanakhudzepo laputopu ija, koma ndi amene anagona ndi nkhawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pa ofesi phulalo amadya ndi ena amene sanalakwe kanthu. Masiku ano mayi aja, kompyuta ikangochita zachilendo, amayamba atumiza chithunzi, pansi pake n'kulemba kuti, "Achimwene, sindinagwire chilichonse."