Lipoti limodzi likukwana, bola lifike ku wodi

Alangizi, ndine namwino pa chipatala china cha boma ndipo ndimasamalira odwala khansa ndi matenda ena osachiritsika. Ndangomaliza digiri yachiwiri. Anzanga a ku yunivesite akuti wofufuza amadziwika ndi kuchuluka kwa malipoti amene wasindikiza komanso kuti ena amutchula kangati. Ine lipoti ndili nalo limodzi, ndipo a matironi sanalitsegule n'komwe. Kodi ndipitirize?

Achemwali, pitirizani. Anzanuwo sakunama: yunivesite ikafuna kukweza munthu imawerengadi malipoti ake, ndipo mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amayang'ananso komweko. Koma pa ntchito yanuyi, imene kuchipatala mumati palliative care, ine ndimalemekeza kwambiri wofufuza amene wasiya chinthu chogwirika m'manja mwa namwino.

Tengani chitsanzo cha Richard Harding wa ku King's College London. Iye pamodzi ndi akatswiri a bungwe la African Palliative Care Association, lomwe likulu lake lili ku Kampala, anakonza mafunso 10 otchedwa APCA African POS. Muyeso womwe unalipo kale unapangidwira odwala a ku Britain, choncho panafunika wina wogwirizana ndi zipatala za kuno ku Africa. Mafunso 7 ndi a wodwala: ululu uli bwanji, nkhawa ilipo yochuluka motani, kodi ali naye womuuza zakukhosi, kodi mtima uli m'malo. Atatu otsalawo ndi a achibale omudwazika. Yankho limayambira pa 0 kulekeza pa 5, ndipo wodwala wosadziwa kuwerenga, kapena amene mpweya wamuchepera, amangoimika zala. Akafumbata dzanja ndiye kuti ululu palibe. Akatambasula zala zonse zisanu ndiye kuti zafika posauzana. Namwino akabweranso patatha masiku atatu n'kupeza zala zatsika kufika pa ziwiri, amadziwa kuti mankhwala agwira, ndipo ali ndi cholemba m'faelo. Mafunsowa anayesedwa ku Uganda ndi ku South Africa, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2010. Namwino wowagwiritsa ntchito lero safunika kudziwa dzina la Harding, ndipo sadzalitchula m'magazini ya sayansi iliyonse.

Nkhani ya kuchepa kwa ogwira ntchito nayonso ili ndi phunziro ku Uganda komweko. Dokotala Anne Merriman atakhazikitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, anayamba kusungunula ufa wa morphine m'madzi kuti akhale mankhwala akumwa otsika mtengo. Vuto linali lamulo: wolembera wodwala morphine anali dokotala yekha, pomwe madokotalawo anali ochepa ndipo ambiri anali m'tauni. Mu 2004 boma linasintha lamulolo, n'kulola anamwino ndi ma clinical officer amene achita maphunziro apadera a miyezi 9 kuti azilemba okha mankhwalawa. Akuluakulu a boma kulikonse amaopa kuti morphine abedwa kapena anthu amuzolowera, ndipo mantha otere sathetsedwa ndi mawu okoma. Amathetsedwa ndi kaundula wolembedwa bwino, wosonyeza kuti botolo lililonse linapita kwa ndani.

Ndiye kafukufuku wanu wotsatira ayambire pa funso loti a matironi kapena akulu a zaumoyo m'boma lanu angachitepo kanthu. Kodi morphine anasowa masiku angati ku famase chaka chathachi? Mwa anamwino amene anaphunzitsidwa palliative care, ndi angati akadali pa ntchitoyo, ndipo angati anasamutsidwira ku matenite? Ndi odwala angati amene sanabwerenso chifukwa chosowa ndalama yokwerera minibasi? Mafunso otere safuna thumba lalikulu, amafuna munthu wakhama ndi mabuku a pa wodi.

Musanakhudze faelo ya wodwala ngakhale mmodzi, tengani chilolezo ku komiti yovomereza kafukufuku, monga NHSRC kapena COMREC. Popanda chimenechi magazini yodalirika silandira lipoti lanu. Ndipo alendo akabwera kudzafufuza pa chipatala chanu, mugwirizane ntchito isanayambe, molemba, kuti dzina lanu lidzakhala pati. Anamwino ambiri amafunsa odwala, kumasulira, kusonkhanitsa zonse, kenako n'kungopezeka pa kandime kothokoza kumapeto. Si mwano kufunsa zimenezi. Amene amachita manyazi ndi amene amatsala. Tsegulaninso ORCID pa intaneti, ndi yaulere, kuti zolemba zanu zisasokonezeke ndi za wina wofanana naye dzina.

Tsono za a matironi, musawaweruze msanga. Munthu amene akuvutika ndi ndandanda ya ogwira usiku sangakhale pansi kuwerenga masamba 20 a Chingerezi cha kusukulu. Lipoti lanulo lifupikitseni likwane tsamba limodzi: munapeza chiyani, ndipo mukupempha kuti chisinthe n'chiyani. Pemphani mphindi 10 pa msonkhano wa m'mawa, mulifotokoze pamaso pa anzanu, kenako mupemphe kuti likakambidwenso ku DHMT, komiti yoyendetsa zaumoyo m'boma lanu. Chitani zimenezi mwezi uno usanathe, musanayambe kulemba lipoti lachiwiri.