Kuphunzitsa Ufulu wa Ana Kudzera m'Masewera a Mawu

Mukangolemba pa bolodi kuti Mutu 4 wa Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi a 1994 umanena za ufulu wachibadwidwe, ana a Sitandade 5 akopera bwinobwino, mawa lake aiwala. Tayesani njira iyi.

Ntchito 1

Dulani katoni yakale m'tizidutswa. Pa kachidutswa kalikonse lembani phatikizo limodzi: DZI, NA, MA, KO, LO, PHU, NZI, RO. Lembani maphatikizo, osati malembo paokhapaokha, pakuti ndi mmene anawa anaphunzirira kuwerenga. Gulu lililonse la ana asanu lilandire mpukutu wake.

Kenaka perekani ndagi kuchokera mu Ndime 23: "Mwana aliyense ayenera kukhala nalo, lakelake ndi la banja lake." Gulu loyamba kulumikiza DZI ndi NA lapambana.

Komatu musathamangire mawu otsatira. Akapeza MAPHUNZIRO, afunseni: nanga mwana wojomba kusukulu chifukwa chosoka fodya, lamulo likuti chiyani? Ndime yomweyo imateteza ana ku ntchito yosokoneza maphunziro awo. Asiyeni akambirane, ngakhale nthawi ithere pa mawu awiri okha.

Chenjerani ndi mabuku akale onena kuti mwana ndi munthu wosakwana zaka 16. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakweza zakazi kufika 18, n'kuchotsanso chilolezo choti makolo avomereze ukwati wa wosakwana zakazo.

Pokambirana, mwana wina akhoza kuulula zomwe zikumuchitikira kunyumba. Musamufunse zambiri pamaso pa anzake. Lankhulani naye padera, kenaka dziwitsani mphunzitsi wamkulu.