Phunziro la Mwezi Uno: Kulera Ana Akhale Nzika za Dziko Lao

Muwerenge Macitidwe 22:22-29 ndi Yeremiya 29:4-7.

Abale aphunzitsi ndi akuru a mpingo, m'sukulu za pulaimale ana athu aphunzira za dziko lao ndi za kayendetsedwe kace, nalemba mayeso ace m'Sitandade 8. Ambiri aloweza pamtima nthambi zitatu za boma, nakhoza bwino. Koma tidzifunse: kodi mwana asanduka nzika pakuloweza pokha? Iai, pakuti unzika uli ngati kulima, wosaphunzirika ndi pakamwa, koma ndi khasu m'manja.

1. Nzika idziwa ufulu wace. Pamene asilikari anamanga Paulo ku Yerusalemu kuti amkwapule, iye sanacita ciwawa, ndiponso sanakhala cete. Anafunsa kenturiyo ngati lamulo lilola kukwapula Mroma mlandu wace usanaweruzidwe. Ndipo anamleka. M'masiku a cipani cimodzi ana anaphunzitsidwa kumvera ndi kutamanda, koma kufunsa kunali koopsa. Pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri, ndipo m'caka ca 1994 tinalandira malamulo akuru atsopano, amene aika mphamvu ya olamulira m'manja mwa anthu. Mphamvuyo inaoneka pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu, atakhala m'Lilongwe muno, anafafaniza cisankho ca mtsogoleri wa dziko ca 2019, ndipo anthu anaponyanso voti pa 23 June. Ana adziwe kuti mlandu waukuru wotere unathera m'bwalo la milandu.

2. Nzika isenza katundu wa mudzi wace. Yeremiya analembera andende a ku Babulo kuti amange nyumba, alime minda, nafunire zabwino mudzi umene anakhalamo. Ngati anatero andende m'dziko la eni, nanga ife m'dziko lathu? Koma pali bodza limene lamera mizu pakati pathu, lakuti za boma zilibe mwini. Cifukwa ca bodzali mwana aswa zenera la sukulu, mkuru nataya zinyalala m'mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika wa ku Old Town. Mphunzitsi aonetse ana kuti mwini alipo: ndiye amai ao omwe, amene agulitsa tomato nalipira msonkho wa pamsika. Sukulu inakhala yaulere m'caka ca 1994, koma coko ndi mabuku sizigwa kumwamba ngati mana.

3. Njira ya kuphunzitsa. Mphunzitsi wa m'mudzi uno ali ndi mwai, pakuti kuyambira 1975 Lilongwe ndilo likuru la dziko. Apite nao ana ku City Centre, aone ndi maso Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa m'caka ca 2010, ndi maofesi a ku Capital Hill. Awauze kuti okhala m'menemo ndiwo anchito a anthu. Awauzenso kuti mwana wa ku Area 10, wokulira m'linga la njerwa, ndi mwana wa ku Mchesi, akafika zaka 18 adzakhala ndi voti imodzi yense. Pobwera, ana asankhe okha mtsogoleri wa kalasi mobisika. Mavoti awerengedwe poyera, ndi wolepherayo agwire canza wopambana. Kuongola mtengo mpoyamba.

Koma cenjerani, abale. Mphunzitsi wofika mocedwa, kapena wokondera mwana wa mwini cuma, afafaniza ndi macitidwe ace zonse anazilemba pabolodi. Pakuti boma loyamba limene mwana aliona ndilo mphunzitsi wace.

Mafunso a kukambirana:
(a) Paulo anateteza ufulu wace motani?
(b) Chulani zinthu zitatu za pasukulu panu zogulidwa ndi msonkho.
(c) Kodi m'kalasi mwanu mwana akhoza kufunsa wopanda mantha?

Tipempherere aphunzitsi onse mwezi uno, kuti Ambuye awapatse nzeru ndi cilungamo.