Phunziro la Zaumoyo: Mafuta a M'poto ndi Mafuta a M'magazi

Pa ntchito yanga yoyeza anthu ku chipatala cha pano pamsasa ndikukumana ndi akuluakulu ambiri amene mimba zawo zakula, magazi akuthamanga kwambiri, ena shuga wakwera. Funso limene amandifunsa ndi lakuti: "Mafutawa achokera kuti, pamene nyama timaiona mwa apo ndi apo?" Phunziro la lero likuyankha funso limeneli.

Ambiri a ife, kapena makolo athu, tinachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, chimanga ndi malalanje ku Mazowe, Bindura, Shamva ndi Marondera. Ntchito ya pa pulazi inkatentha nsima yonse imene munthu wadya. Kuyambira chaka cha 2000 ambiri ntchito ija inatha, koma mbale ya nsima sinachepe. Vutoli si lathu lokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 anapeza kuti amayi pafupifupi 35 mwa 100 alionse anali olemera kupyola muyezo.

Mafuta a m'magazi amachokera kuwiri

Njira yoyamba ndi chakudya: mafuta ophikira, majarini, mafuta a nyama, mtedza ndi nsomba. Njira yachiwiri, imene ambiri saidziwa, ndi chiwindi. Munthu akadya shuga, buledi woyera ndi nsima ya ufa woyera zopitirira zimene thupi likufuna, chiwindi chimasandutsa zotsalazo kukhala mafuta n'kuwatumiza m'magazi. Choncho munthu angathe kunenepa ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, ngakhale asalawe nyama.

Mafuta oopsa kwambiri ndi amene amaunjikana m'mimba, mozungulira matumbo. Mafuta amenewa amatayikira m'magazi n'kupita ku chiwindi ndi ku minofu. Zikatero thupi limasiya kumvera insulini, chinthu chimene chimatsegulira shuga njira yochoka m'magazi kulowa m'minofu. Shuga amatsalira m'magazi, ndipo apa ndi pamene matenda a shuga a akuluakulu amayambira.

Mafuta onse si ofanana

Mafuta amene amauma akazizira, monga a ng'ombe, a nkhumba ndi majarini olimba, amakweza kolesterolo imene imatseka mitsempha ya mtima. Mafuta a soya, a mpendadzuwa, a mtedza ndi a mapeyala ndi abwinopo. Matemba a ku Kariba ali ndi mafuta otchedwa omega-3, amene thupi limapanga pang'ono chabe palokha, ndipo amathandiza mtima ndi ubongo wa mwana. Komabe ngakhale mafuta abwino amanenepetsa akachuluka: galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya wowuma wa mu ufa ili ndi 4.

Musasiye mafuta

Sindikunena kuti mutaye botolo. Mabungwe othandiza othawa kwawo amawerengera makalori 2,100 pa munthu patsiku, ndipo magawo 17 mwa 100 ayenera kuchokera ku mafuta. Amenewa ndi magalamu pafupifupi 40, kapena masupuni akuluakulu atatu. Bungwe la WHO limalangiza kuti mafuta asapyole magawo 30 mwa 100, omwe ndi masupuni ngati asanu, kuwerengera ndi mafuta obisika mu mtedza, nyama ndi zokazinga. Kuyambira 2017 lamulo la dziko lino limafuna kuti mafuta ophikira athiridwe vitamini A. Mwana wamng'ono amafunika supuni yaing'ono ya mafuta kapena chiponde m'phala lake, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo vitamini ameneyu salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso odwala amene akuonda, asachepetse chakudya popanda uphungu wa ku chipatala.

Zoyenera kuchita

1. Yezani mafuta ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo.
2. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso muzitendera ndi nsinjiro m'malo mokazinga.
3. Idyani nyemba, khobwe kapena matemba pamene zapezeka, ndipo mgaiwa uziposa ufa woyera.
4. Chepetsani shuga mu tiyi ndi m'mahewu. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zikhale za mwa kamodzikamodzi.
5. Mafuta amene akazingira kangapo mpaka kuda, musawagwiritsenso ntchito.
6. Yendani mwandawala kapena gwirani khasu kudimba mphindi 30, masiku asanu pa sabata.

Dziyezeni ndi chingwe

Dulani chingwe chofanana ndi kutalika kwanu, kuchokera pamutu mpaka kuphazi. Chipindeni pakati, ndipo chopindacho muzungulize m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mafuta a m'mimba achuluka. Bwerani tidzakuyezeni shuga ndi BP, ngakhale simukumva kupweteka kulikonse, pakuti matenda awiriwa amayamba mwakachetechete. Ndipo ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, kapena muli ndi chilonda chosapola kuphazi, musadikire tsiku la sikelo, bwerani lero lomwe.