Dalaivala Wodwala Shuga Akasintha Dokotala ku Britain

Lero tiphunzira za munthu wodwala matenda a shuga amene amayendetsa galimoto ku Britain, makamaka zimene zimamuchitikira akasamuka n'kusintha dokotala. Nkhaniyi si yakutali, pakuti abale athu ambiri kumeneko amasamalira okalamba khomo ndi khomo, ndipo galimoto ikaima ntchito nayonso yaima.

Ambiri amaganiza kuti dokotala ndiye amaloleza munthu kugwira chiwongolero. Ayi. Wololeza ndi bungwe la DVLA, lomwe likulu lake lili ku Swansea m'dziko la Wales. Ku Northern Ireland kuli lina, DVA. Dokotala ali ngati mboni pabwalo la mfumu: sagamula mlandu, amangonena zimene akudziwa. Tsono mboni imene yakuonani kamodzi kokha idzanena chiyani? Funso limeneli musalitaye, tibwererako.

Amene amadzibaya insulini kupitirira miyezi 3 ayenera kudziwitsa DVLA, ndipo wa galimoto wamba amalemba fomu ya DIAB1. Akabisa, chindapusa chimafika £1,000, ndipo akachita ngozi akhoza kuimbidwa mlandu. Laisensi imene amalandira ndi ya chaka 1, zaka 2 kapena 3, ikatha amapemphanso. Womwa mankhwala a metformin okha nthawi zambiri safunika kunena, pokhapokha maso atayamba kuvuta kapena patabuka zina. A mabasi ndi malole malamulo awo ndi okhwima koposa: wobaya insulini amaunikidwa chaka ndi chaka, ndipo amakaonekeranso kwa katswiri wa shuga amene si dokotala wake wa masiku onse.

Mwina mukudabwa kuti boma likulowererapo bwanji pa matenda a munthu. Chimene likuopa ndi kutsika kwa shuga. Ubongo umadya shuga mosalekeza ndipo ulibe nkhokwe yake. Insulini ikachuluka kuposa chakudya, munthu amatuluka thukuta, manja amanjenjemera, maso amachita chidima, nzeru zimachedwa. Pa msewu waukulu, kuchedwa kwa masekondi awiri kumatha kupha.

Manambala awa lembani. Ayeze shuga pasanathe maola 2 kuti anyamuke, kenaka maola 2 alionse ali pa ulendo. Akapeza 5.0 mmol/L kapena kucheperapo, ayambe wadya. Akapeza pansi pa 4.0, asayendetse. Akamva kuti shuga watsika ali pa msewu, aime pabwino, azimitse injini, achotse kiyi, achoke pampando wa dalaivala, adye maswiti kapena amwe chakumwa chotsekemera, ndipo adikire mphindi 45 shuga atabwerera m'malo. Mphindi 45 zimenezi ndi zimene anthu amaba, chifukwa thukuta likangouma amadziona kuti achira, pamene ubongo usanadzuke bwino. Amene anazolowera makina owerengera mu mg/dL achulukitse ndi 18: 5.0 ndi 90, ndipo 4.0 ndi 72. Kuyambira mu 2019, a galimoto wamba amaloledwa kudalira kachipangizo koyezera shuga komata pamkono, koma kamakina kobaya chala kazikhalabe m'galimoto.

Pali kutsika kumene DVLA imawerenga mwapadera, kuja kofika poti wina akuthandizeni chifukwa panokha mwalephera. Kukachitika kawiri m'miyezi 12 muli maso, muyenera kusiya kuyendetsa ndi kunena. Wa lole kapena basi, kamodzi kokha ndi nkhani kale. Amafunanso kudziwa ngati mumamvabe zizindikiro, pakuti ena atadwala zaka zambiri thupi limaleka kuwachenjeza.

Tibwerere kwa mboni ija. Kusintha dokotala pakokha n'kosavuta: mumalembetsa ku chipatala chaching'ono cha m'dera latsopano, ndipo safunsa chifukwa. Ku England mbiri ya wodwala imasamutsidwa pa kompyuta kudzera mu njira yotchedwa GP2GP. Koma si zonse zimene zimayenda limodzi. Ngati mumaonedwanso ndi katswiri ku chipatala chachikulu, nthawi zambiri pamafunika kalata ina yokutumizani kwa katswiri wa kumene mwafikako, ndipo kumeneko pali mzere. Kachipangizo ka pamkono kamapitiriza kutumiza manambala ku chipatala chakale mpaka mutakalumikiza ku chatsopano. Wochokera ku Malawi ndiye palibe chimene chimamutsatira. Mbiri yake yonse ili m'kabuku kakuchipatala kaja, ngati anakatenga.

Taganizani munthu amene wachoka ku Leicester kupita ku Glasgow mu Marichi, laisensi yake ikutha mu Juni. Pa fomu walemba dzina la dokotala watsopano n'kusaina kuti DVLA ikhoza kumufunsa. Kalata yafika, dokotala watsegula kompyuta: dzina lilipo, mndandanda wa mankhwala ulipo, koma zotsatira za HbA1c palibe, za kuunika maso palibe. HbA1c ndi kuyeza magazi kumene kumaonetsa mmene shuga wayendera m'miyezi 2 kapena 3 yapitayo. Dokotala woona mtima sangachitire umboni zimene sanaone. Amayamba waitana wodwalayo, kuyezanso magazi, kufunsa chipatala chakale, masabata n'kumapita. Ine sindimuimba mlandu dokotalayo. Akasaina mwachisawawa, mawa ngozi n'kuchitika, adzafunsidwa ndi iyeyo.

Choncho wosamuka anyamule yekha mbiri yake. Asanachoke, apemphe chidule cha mbiri yake cholembedwa, makalata a katswiri, zotsatira za magazi ndi za maso, komanso insulini yokwanira kufikira chipatala chatsopano chitayamba kumulembera. Kamakina koyezera asakasinthe panthawi imeneyi, ndipo aonetsetse kuti tsiku ndi ola zili bwino m'kati mwake. Manambala olembedwa pa masiku olakwika sathandiza aliyense. Akangolembetsa, apemphe kuonana ndi namwino wa shuga, asadikire kalata ya DVLA. Pa maso, lamulo ndi la aliyense: kuwerenga nambala ya galimoto pa mtunda wa mamita 20. A inshuwalansi nawonso auzidwe.

Nanga laisensi ikatha yankho lisanabwere? Gawo 88 la lamulo la Road Traffic Act la 1988 limalola munthu kupitiriza kuyendetsa pamene pempho lake likuunikidwa, malinga ngati DVLA inalandira pempholo lodzazidwa bwino, laisensi yake sinalandidwe pa zifukwa za matenda, ndipo dokotala wake akuvomereza kuti ali bwino. Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa wosamuka amene sanakaonekerebe ku chipatala chatsopano.

Ntchito ya kunyumba: dalaivala wayeza n'kupeza 81 mg/dL asananyamuke. Sinthani nambalayo kukhala mmol/L, ndipo mulembe chimene ayenera kuchita asanalize injini.