KUNENEPA KOPITIRIRA MUYESO: MLANDU WA YANI?

Kale m'midzi munthu akanenepa, anzace ankati akudya bwino. Mkazi akakwatiwa nayamba kudzaza thupi, abale ace ankayamika mkamwini kuti adziwa kusunga banja. Ndipo m'zaka zija nthenda ya Edzi inali kutha anthu, kuonda kunasanduka cinthu ca manyazi, kotero kuti ambiri anakondwera ndi thupi lalikulu ngati umboni wakuti ali bwino. Maganizo amenewa anabadwa ndi njala ndi maliro, ndipo sayenera kusekedwa. Koma m'zipatala caoneka poyera kuti thupi lolemera koposa limaitana nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi, nthenda ya mtima, kufa ziwalo ndi kuwawa kwa maondo.

Anthu a cipatala amayesa motere: amatenga makilogalamu a munthu, nawagawa ndi msinkhu wace m'mamita, nagawanso kaciwiri ndi msinkhu womwewo. Yankho likafika 25, munthuyo walemera koposa. Likafika 30, kumeneko ndiko kunenepa kumene kuwerengedwa ngati nthenda. Mai wamtali mamita 1.60 afika pa 25 akalemera makilogalamu 64, ndi pa 30 akalemera 77. Bungwe la World Health Organization linapeza kuti m'caka ca 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 ali onse pa dziko lapansi anali ndi nthenda ya kunenepa imeneyi. M'Malawi, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti akazi 21 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali olemera koposa, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mabvuto awiriwa nthawi zina agona m'nyumba imodzi.

Mbali ya munthu mwini

Eklezia amawerenga kususuka pamodzi ndi macimo akulu asanu ndi awiri. Papa Gregory Wamkulu, amene anamwalira mu 604, anachula njira zisanu za chimo limeneli: kudya nthawi isanakwane, kufuna zakudya za mtengo wapatali, kudya kopitirira, kudya mwaphuma, ndi kusankhasankha makonzedwe. Thomas Aquinas Woyera anatsata mawerengedwe omwewo. Aphunzitsi ayang'anitse bwino: pa zisanuzi palibe cimodzi cimene cinena za kukula kwa thupi. Zonse ziri za mumtima. Munthu woonda ngati bango akhoza kukhala wosusuka, ndipo wonenepa akhoza kukhala wodziletsa kwambiri. Thomas mwini wace, monga mbiri isimba, anali munthu wa thupi lalikulu.

Pali cibadwa ca ku mtundu, pali mankhwala ena onenepetsa, pali kusintha kwa thupi la mai atabereka. Ndiponso mwana amene anakula ndi njala, akadzapeza cakudya cambiri atakula, thupi lace limagwa msanga m'nthenda ya shuga. Cifukwa cace mphunzitsi amene aloza cala Mkristu wonenepa pa maphunziro, kapena kumseka pa bwalo la chalichi, walakwira cikondi ndiponso walakwira coonadi.

Komabe mlandu wa mwini thupi sutha pamenepo. Lamulo lacisanu likhudzanso moyo wa iye mwini. Palibe boma limene liwerengera munthu masupuni a shuga m'kapu ya tiyi, kapena kumletsa mtanda wacinai wa nsima, kapena kumtsitsa pa kabaza kuti ayende pansi ulendo wa mphindi khumi. Bambo wa zaka 50 amene adokotala amcenjeza kawiri, iye nangoseka, aika pa ngozi ana amene akali pa sukulu.

Zimene zinacitika ku South Africa

Amalawi ambiri apita ku Joni kukafuna nchito, ndipo adziwa madyedwe a kumeneko. Wanchito adzuka kusanace, akwera minibasi, abwera usiku atatopa. Cimene apeza pafupi, cotsika mtengo ndi cokhutitsa msanga, ndi buledi woyera, zokazinga m'mafuta ndi zakumwa za m'mabotolo. Kafukufuku wa dziko limenelo wa 2016 anapeza akazi 68 mwa 100 ndi amuna 31 mwa 100 ali olemera koposa. Kodi anthu onsewa anagwa m'chimo la kususuka nthawi imodzi? Iai ndithu. Cimene cinasintha ndico cakudya cimene ciikidwa pamaso pao tsiku ndi tsiku.

Botolo la mamililita 330 la cakumwa cotsekemera, cosacepetsedwa shuga, limakhala ndi magalamu ngati 35, ndiwo masupuni a tiyi oposa 8. Mu 2015 World Health Organization inalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu ngati 50 pa tsiku, ndi kuti 25 ndiwo abwino koposa. Zakumwa zotere sizikhutitsa. Munthu amwa, nadya nsima yace yonse monga mwa masiku onse.

Mu 2016 nduna ya cuma, Pravin Gordhan, inalengeza kuti boma lidzaika msonkho pa zakumwa zimenezi. Poyamba anaganiza za msonkho wokwana ngati 20 pa 100. Eni mafakitale, alimi a nzimbe a ku KwaZulu-Natal ndi Mpumalanga, ndi mabungwe a anchito anakana kolimba, ati anthu adzacotsedwa nchito. Pambuyo pa kukambirana kwa nthawi yaitali msonkho unatsitsidwa kufika ngati 11 pa 100, ndipo unayamba pa 1 April 2018, ndi dzina lakuti Health Promotion Levy.

Nzeru yace inali m'mawerengedwe. Magalamu 4 oyamba a shuga m'mamililita 100 ali onse sanakhomedwe kanthu. Galamu liri lonse lopitirira pamenepo linakhomedwa masenti 2.1. Wopanga cakumwa anaona yekha kuti akacepetsa shuga, acepetsanso msonkho, ndipo ambiri anatero. Ofufuza anapeza pambuyo pace kuti shuga amene mabanja anali kugula m'zakumwazi anacepa kwambiri, makamaka m'mabanja osauka. Dziko la Mexico linali litayamba msonkho wotere mu 2014, ndipo Britain inayamba wace mwezi womwewo wa April 2018.

Otsutsa sananame pa zonse. Msonkho uli wonse wa pa cakudya umapweteka wosauka koposa wolemera, ndipo wodula nzimbe amene aopa kutaya nchito ali ndi ana monga wina ali yense. Kuyambira 2022 boma la kumeneko linazengereza kangapo kuukweza pa cifukwa cimeneci. Ndiponso msonkho wokha sunathetse kunenepa. Koma palibe amene analetsedwa kumwa. Ufulu wa munthu unatsala m'manja mwace. Boma linangocepetsa msampha umene unachedwa pa njira yace. Malawi nayenso amalima nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo shuga wace amathiridwa vitamini A pofuna kuteteza ana. Tsono kumuyesa shuga poizoni kungakhale kunama. Nkhani iri pa muyeso.

Pa parishi

Mau akuti "anthu onse" asamveke ngati anena boma lokha. Parishi nayonso iika cakudya pamaso pa anthu. Pa ukwati, pa ubatizo, pa Ukaristia woyamba, ulemu wa mwini phwando umayesedwa ndi makireti a zakumwa, ndipo mai wamasiye akongola ndalama kuopa kuti angamnene akapereka thobwa. Mlendo wodwala shuga alandira botolo namwa, pakuti kukana kuoneka ngati mwano. Munthu mmodzi sangathyole mwambo wotere payekha, koma mphakati wonse ukapangana, manyazi acoka pa onse pamodzi.

Aphunzitsi angathe kufunsa pa msonkhano wa mphakati kuti pa phwando liri lonse pakhale mtsuko wa madzi abwino ndi thobwa losathira shuga wambiri, ndi kuti nkhwani, bonongwe ndi nyemba zisabisidwe kukhichini ngati ndiwo za amphawi. Makomiti a sukulu za misyoni ayang'anenso zimene zigulitsidwa pa cipata nthawi yopumula, ndipo akambirane ndi amai ogulitsawo mwaulemu, pakuti malondawo ndiwo adyetsa ana ao. Nthoci, mbatata yophika ndi cimanga cooca nazonso zigulika.