Malonda a pa foni asakuiwalitseni moni

Makomo ambiri masiku ano ali ndi kageni ka pa foni. Mayi akugulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, mwana wawo watsegula belo la kaunjika, bambo akuweta nkhuku za mazira, ndipo zonsezi zikulengezedwa pa status ya WhatsApp kapena pa Facebook. Chodandaulitsa n'chakuti munthu amene kumsika amalandira kasitomala ndi manja awiri, akangogwira foni amasanduka wina: mayankho a liwu limodzi, mitengo yobisa, zithunzi zobwereka. Chonsecho mwini nambala imene yakulemberaniyo ndi munthu, ndipo kwathu kuno kawirikawiri amakhala wodziwana ndi abale anu kapena wa mpingo umodzi ndi aneba anu.

Choyamba ndi moni. Wina akalemba kuti "Mpunga ulipo?" musangoti "Eya." Muuzeni kuti, "Mwaswera bwanji mayi? Ulipo, wa chaka chino, m'matumba a makilogalamu 5 ndi 10." Ngati simukumudziwa, mutchuleni kuti "inu", "akulu" kapena "bwana", chifukwa amene mukumuyesa mnyamata atha kukhala wa msinkhu wa bambo anu. WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018 ndipo ndi yaulere, imatha kuyankha yokha inu mulibe. Igwiritseni ntchito pongodziwitsa anthu kuti, "Tili kumunda, tikuyankhani ikamakwana 5 koloko madzulo." Nthawiyo ikakwana, yankhani ndinu.

Mtengo ulembeni poyera. Chizolowezi choyankha kuti "inbox" aliyense wofunsa mtengo chimapatsa anthu maganizo akuti mumayamba mwaona chithunzi cha munthu kuti mudziwe pomudulira. Amene ali ndi ndalama zochepa amachita manyazi kufunsa kuseri, kuopa kuti akamva mtengo n'kulephera, aoneka ngati wongotayitsa nthawi, amangodutsa. N'zoona kuti mitengo siikukhazikika, makamaka chichokereni November 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Koma zimenezi zithetseni polemba tsiku pambali pa mtengo. Ndipo ngati munagwirizana kale ndi munthu, iye n'kutumiza ndalama, mtengo umenewo ndi womwewo ngakhale kokaoda kutakwera m'mawa mwake.

Chithunzi chikhale cha katundu amene ali m'nyumba mwanumo, chojambulidwa panja masana. Ngati jekete la m'belo lang'ambika pang'ono m'khwapa kapena lasowa batani, jambulaninso pomwepo, muyeze ndi tepi m'lifupi ndi m'litali, mulembe. Wogulitsa usipa aonetse chigoba chomwe akuyezera. Munthu amene wagula akudziwa chilema cha katundu sabwera kudzakangana.

Pa ndalama, uzani kasitomala dzina lomwe lituluke akamatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mugwirizane poyambirira amene alipire yotapira ndi yotumizira katundu. Zikalowa, yang'anani mu akaunti mwanu, osadalira uthenga wongokutumizirani, chifukwa akamberembere alipo. Kenako musakhale chete. Palibe nthawi imene mtima wa wogula umakhala m'mwamba kuposa pamene ndalama zapita koma katundu sanafike. Mulembereni kuti, "Zafika, zikomo kwambiri." Mukapakiza, mutumizireni chithunzi cha phukusi, nambala ya kondakitala kapena wakabaza, ndi nthawi yomwe ayembekezere. Basi ikachedwa pa msewu, muyambe ndinu kumuuza.

Pomwe umunthu umayesedwa kwenikweni ndi pa ngongole. Taona anthu akuika nkhope ya mnzawo pa status ndi mawu akuti "wakuba uyu", chifukwa cha zitenje ziwiri. Status imafufutika pakatha maola 24, koma amene ajambula screenshot amaisunga, ndipo ana a munthuyo amakaimva kusukulu. Ndalama zanu n'zanu ndithu, muli ndi ufulu wozilonjerera. Koma muimbireni foni, mumve chamuchitikira. Mwina malipiro achedwa, mwina kunyumba kuli matenda. Gwirizanani masiku olipira pang'onopang'ono, mulembe m'kope, mumutumizirenso pa foni kuti pakhale umboni. Akapitiriza kuzemba, pitani naye kwa mfumu kapena kubwalo la milandu, ndipo musadzamukongozenso. Dziwaninso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti, kotero wokongoza atha kupezeka kuti ndiye ali pa mlandu.

Nambala ya kasitomala anakupatsani kuti mugulitsane malonda, basi. Musaipereke kwa wina, musamulowetse m'gulupu osamupempha, ndipo akakuyamikirani musaulutse uthenga wake dzina ndi nkhope zikuoneka iye asanavomere. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza zinthu zoterezi. M'gulupu ya maliro kapena ya mapemphero musaponyemo malonda, ngakhale anthu achulukemo chotani.

Wina akadandaula poyera kuti mazira anafika osweka, musafufute ndemanga yake kapena kumubloka. Muyankheni pomwepo mwachidule kuti, "Pepani kwambiri mayi, tikuimbirani pompano," ndipo muimbedi. Bwezani mazirawo, muikepo ndi banyira ngati mungathe. Anthu ambiri amene akuwerenga salemba kanthu, akungoona mmene mumachitira zinthu zikalakwika. Wogula wosakhutira alinso ndi kokadandaula, ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Popeza foni ya geni pakhomo imagwiridwa ndi anthu angapo, khalani pansi madzulo ano ndi onse amene amaigwira, ana omwe. Gwirizanani amene aziyankha, mawu amoni, mitengo ya sabata ino, ndi nthawi yosiya kutumiza mauthenga usiku. Muwauzenso kuti kasitomala akalankhula mokwiya, asamuyankhe okha. Abweretse foniyo kwa inu.